Mmene Palafini wa M'makoloboyi Anasungira Moyo wa Amayi Anga

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, ndikupereka moni kwa inu nonse amene timapemphera limodzi pano pa sukulu ya zauphunzitsi. Ine ndine Pasikale, wa chaka chachiwiri, ndipo kwathu ndi kufupi ndi Chisepo m'boma la Dowa. Ndalemba kuti ndichitire umboni zimene Mulungu anachitira banja lathu pa tchuthi chapitachi, pamene amayi anga anatsala pang'ono kutisiya chifukwa cha kusowa kwa palafini.

Amayi amadwala matenda a shuga. M'mawa uliwonse amawoloka dambo kupita ku chipatala chaching'ono cha pa mishoni kukabayitsa jakisoni. Mankhwala a jakisoniyo amawonongeka akatenthedwa, choncho amasungidwa mufiriji. Kwathu kulibe magetsi, ndipo firijiyo imayendera palafini. Pansi pake pamayaka kamoto kakang'ono, ndipo kamotoko kakazima, kuzizira kwa m'kati kumatha. Mufiriji momwemo mumakhalanso katemera wa ana a midzi yonse yozungulira.

Nonse mukudziwa kuti nkhondo ya kwa anansi athu ku Mozambique yasokoneza njanji imene katundu ankadzera. Sindikuloza munthu chala. Kuno kutawuni timangoona galimoto zitandandana pa malo omwetsera mafuta, koma kumudzi vutoli limalowa m'nyumba mwenimweni. Mchere unasowa, sopo anasowa, kenaka palafini nayenso anatha m'masitolo.

Nditafika kwathu ndinaperekeza amayi kuchipatala. Atatha kuwabaya, a Sisitere amene amayang'anira chipatalacho anandiitanira m'kachipinda ka firiji. Anaviika kamtengo m'thanki ya palafini, ndipo kanangonyowa kunsonga kokha. Anandiuza motsitsa mawu kuti mgolo wa pa mishoni unauma kale, galimoto yawo yaima chifukwa chosowa petulo, ndipo kamotoko sikafika sabata yamawa. Ndinafunsa chimene chidzachitike mankhwala akawonongeka. Iwo anandiuza kuti amayi sangakhalitse popanda jakisoni.

M'mawa mwake ndinamangirira chigubu pa njinga ya malume, ndi kuyamba kufunafuna. Ndinayambira pa sitolo ya a Kachala pa Chisepo, pamene banja lathu lakhala likugula kuyambira ndili mwana. Ndinapeza mashelefu ali mbee, iwo atakhala pakhonde, akuingitsa ntchentche.

"Mwana wanga, lole sinabwere," anatero a Kachala. "Chimene ndatsala nacho ndi polishi wa nsapato. Nanga ndimugulitsa kwa yani, poti kuno tonse timaponda pansi?"

Anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. Anandiuza kuti wantchito wawo anamubweza kwawo, ndipo akuganiza zotseka sitolo kuti abwerere ku khasu. Nditawafotokozera za amayi, analowa m'nyumba ndi kutulutsa nyali yawo. Anaigwedeza pafupi ndi khutu langa kuti ndidzimvere ndekha kuti munalibe kanthu.

Ndinapalasa mpaka ku Dzoole, tsiku lina mpaka ku Mponela. Kumeneko ndinaima pa mzere wautali chifukwa kunamveka mphekesera yakuti palafini wafika, koma titayandikira pakhomo anatiuza kuti watha. Anthu anabalalika mwakachetechete, aliyense ndi botolo lake louma. Ndinabwerera kwathu chigubu chikungolira kumbuyo kwa njinga.

Amayi atangoona nkhope yanga anadziwa kuti sindinapeze kanthu. Anandipatsa madzi akumwa, ndipo anandiuza kuti ndileke kudzizunza ndi maulendo. Kenaka anayamba kundifotokozera mofatsa za alongo anga aang'ono awiri: amene adzapite kwa azakhali, ndi amene adzatsale ndi malume. Anandilamula kuti zivute zitani ndisadzasiye sukulu. Ankalankhula ngati munthu wokonzekera ulendo wa pabasi. Abale anga, ine amene ndimatsogolera mapemphero pano ndinalephera kupemphera. Ndinapita kuseri kwa chigafa cha fodya, ndi kungonena kuti, "Ambuye, kamoto kaja musakalole kuzima." Mawu ena ndinalibe.

Loweruka m'mawa tinamva "Odi!" pabwalo. Anali aNankhoma, mayi wa mudzi woyandikana nafe, amene amafulula mowa wa masese. Amuna awo ndi a gule wamkulu, ndipo aNankhomawo sanapondepo m'tchalitchi. Iwo ndi amayi anakulira limodzi, koma kuchokera pamene amayi anabatizidwa, ubwenzi wawo unatsala wa moni wa panjira. Tsikulo anafika atanyamula koloboyi, kanyali ka chitini kamene tonse timaunikira m'nyumba, chikhalirecho kunja kutacha kale. Kumbuyo kwawo kunali gulu la abambo ndi amayi, aliyense atagwira koloboyi wake mosamala ngati dzira.

"Aphunzitsi, tamva kwa a Kachala kuti mwamaliza matayala a njinga ya eni ake," anatero aNankhoma akundiyang'ana. "Mukufuna palafini ku Mponela, ife amene tili naye mwatilumpha?"

Ndinayankha kuti sindinaganize zopempha kwa anthu amene nawonso akusowa.

"Nanga mukanapempha kwa yani? Ine mowa wa sabata ino sindikugulitsa ndi ndalama. Ndawauza alumbwanawa kuti wofuna chipanda ayambe wakhuthula nyali yake. Ife tiziunikira nsatsi monga tinkachitira kale. Koma chibokosi cha a Sisiterecho nsatsi sichizidziwa."

Bambo wina wachikulire anadandaula kuti mowa wa aNankhoma sunakwerepo mtengo chotere, ndipo onse anaseka. Amayi anatuluka m'nyumba, nayima pakhomo. ANankhoma anawagwira dzanja ndi kunena kuti, "ANaphiri, inu simupita kulikonse. Ine ndikalamba ndi yani?"

Tinawoloka dambo tonse pamodzi. A Sisitere anayala kansalu koyera pakamwa pa chigubu kuti asefe zitsotso, pakuti palafini wakuda amatseka chingwe cha moto. Aliyense anapendeketsa koloboyi wake mpaka dontho lomaliza. Mwa ena munatuluka wokwana supuni, mwa ena wochulukirapo pang'ono. Ambiri a iwo anali asanalowepo mumpanda wa mishoni, ndipo anapempha kuti aone chinthu chimene chimazizira ndi moto. Anagwada mmodzimmodzi kusuzumira kamotoko, kenaka n'kubwerera kumudzi kukamwa mowa wawo.

Lamulungu nkhaniyi inamveka m'miphakati yonse ya mpingo wathu, ndipo akhristu nawonso anayamba kubwera ndi nyali zawo. Midzi yathu inakhala ikuunikira nsatsi zotunga pa kaudzu kwa masabata angapo, ana akudandaula ndi utsi, koma palibe amene anabwera kudzaitanitsa palafini wake. Kamotoko sikanazime mpaka tsiku limene lole inatulukira pa Chisepo. A Kachala anadzaza chigubu cha chipatala asanagulitse kwa munthu wina aliyense. Amayi sanaphonye jakisoni, ndipo katemera wa ana sanawonongeke.

Ndikuvomereza kuti ndinavutika mumtima poganiza kuti yankho la pemphero langa linadzera pa mowa, chinthu chimene ife timalangizana kuti tizichipewa. Ndinafunsa amayi za ichi. Iwo anandiyankha kuti Mulungu atafuna kuwapulumutsa sanayambe wafunsa maganizo anga.

Choncho ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lalifupi la munthu wothedwa nzeru. Ndikuthokozanso a Sisitere, a Kachala, ndi onse amene analola kukhala mu utsi kuti amayi anga akhale ndi moyo. Inu amene kwanu kukusowa mchere, mankhwala kapena feteleza, ndipo mwayenda mpaka mwatopa, musataye mtima. Pitirizani kupemphera, ngakhale ndi mawu ochepa, ndipo musamusankhire Mulungu khomo limene thandizo lidzatulukire. Pomaliza ndikupempha chinthu chimodzi. Amayi anandituma kuti pa mapemphero athu a sabata ino titchule dzina la mnzawo, aNankhoma.