Chipewa cha Makutu a Bulu

Patrício, mphunzitsi wa ku Angónia amene ankagwira ntchito pa sukulu ina yolipira ku Matema, anaganiza kuti wapeza njira youzira bwana wake zoona popanda kuchotsedwa ntchito: sewero la pa tsiku la makolo. Choncho masana ena, dzuwa likuwotcha ngati nsimbi, analowa m'kashopu ka Lyness, telala wa ku Mwanza, atanyamula chithunzi cha chipewa.

"Mana Lyness, mlongo wanga, mundisokere ichi. Makutu awiri a bulu, kunsonga kwake timabelu."

Lyness anachiyang'ana chithunzicho, n'kuchitembenuza. "Buluyo mubwera naye kuti ndimuyeze?"

"Palibe bulu. Ndivala ndine."

"Ayi, pepanitu aPulofesa. Zinayamba liti?"

"Si matenda! Ndi chovala cha chitsiru cha mfumu. Kalekale ku Ulaya, m'nthano zawo zoseketsa munkakhala chitsiru chogonera kunyumba ya mfumu. Inali ntchito."

"Ntchito? Yochita kulembedwa?"

"Yolemekezeka kwambiri."

Lyness anasiya kupalasa makina. "Akulembabe? Bambo akunyumba angokhala. Luso ali nalo, Matema yense angachitire umboni."

"Mana, anthu ake anafa kalekale!"

"Ndiye kuti malo alipo."

Patrício anapukuta thukuta ndi chithunzi chija. "Tamverani. Chitsirucho chinkanyoza mfumu pagulu. Chinkati, mfumu, mimba yanu ikukula, anthu anu akuwonda. Mfumu n'kumaseka."

"Mfumuyo mutu unkayenda bwino?"

"Inali yanzeru! Inkadziwa kuti nduna zonse zimainamiza."

"Dikirani." Lyness anachotsa singano pakamwa. "Anzeru ankanama. Chitsiru n'kumanena zoona. Mfumu yanzeru n'kumamvera chitsiru. Nanga chipewacho ankavala ndani?"

"Chitsiru!"

"Chiti?"

"Ine! Aaa, ndikunena m'seweromo, Loweruka likubwerali. Ana adzakhala nduna, ine chitsiru. Mfumu tidzaiveka suti yabulauni, makiyi ambirimbiri m'chiuno."

Lyness anatsokomola. "Suti yabulauni ndinasokapo ine. Tsitsani mawu, aPulofesa."

"Sinditsitsa! Ndawatsitsa mokwanira pa sukulu paja. Azungu akale ankaseka mafumu, ansembe, madokotala. Ife tikungoti sim senhor, inde bwana, sim senhor, ngati nkhunda."

"Komatu kuseri kwa nsaluyi kuli..."

"Musandidule pakamwa."

"Kuli thalauza."

"Thalauza lilibe makutu!"

"Limeneli lili nawo."

Patrício sanamve n'komwe. Anakwera pa kabenchi ka makasitomala, dzanja lina pachifuwa, lina m'mwamba, ngati ali kale pamaso pa makolo.

"Ndidzati, mfumu yanga! Mwagula makina oziziritsira ofesi yanu, ana akukomoka ndi kutentha m'kalasi! Mabuku mwawakhomera m'kabati kuti asade! Belu likalira mumadzidzimuka n'kufunsa kuti kwacha kodi!"

"Zimenezo zili m'nthano za ku Ulaya?"

"Ulaya wake uti? Ndi a Diretori athu, mkulu wa sukulu, a Fabião!"

"Ooo. Ine ndimayesa anafa kalekale."

"Ali moyo, akudya bwino. Mimba imalowa pageti, eni ake akutsika galimoto."

"Eya, m'chiuno ndimuwonjezera," anatero Lyness, akuyang'ana pansi. "Koma sakuchotsani ntchito?"

"Epa, sangayerekeze! Limenelo ndi lamulo la nthabwala, lakalekale. Wovala chipewa sakhudzidwa, anene zotani. Makolo adzaseka, iwonso adzakakamizika kuseka. Amene ankadulidwa khosi ndi wonena zomwezo alibe chipewa."

"Ngati mmene mulili inumu?"

"Pano ndi pa telala, mana, si kunyumba ya mfumu."

Nsalu yotchinga pangodya inagwedezeka. Kunamveka makiyi, weyere weyere. Kenako anatuluka a Fabião, jekete labulauni lili paphewa, dzanja litagwira thalauza latsopano lodzaza mapini kuti lisagwe. Anayang'ana Patrício kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi. Sanaseke.

Patrício anatsika pa benchi mwendo umodziumodzi.

"Senhor Diretori... timayeserera chabe. Ndi za ku Ulaya. Zakale kwambiri."

Lyness anachotsa tepi m'khosi, n'kuima pakati pawo.

"Taweramani msanga, aPulofesa. Ndiyeze mutuwo udakalipo."