Tsiku limene abuluzi anagwa pakhoma

Zaka za m'mbuyomo, mbava zisanachuluke kuno ku Chiosya, chimanga chinkakhala panja m'nkhokwe ndipo anankafumbwe tinkalimbana nawo ndi phulusa basi, koma anthu lero amagona ndi matumba kumutu ngati mtsamiro. Tamverani, adzukulu, zimene ndinaona ndi maso angawa.

Mlamu wanga a Gelesomu anagula mapiritsi ophera anankafumbwe kwa munthu wina wa pa boda. Wogulitsayo anawauza kuti piritsi limatulutsa mpweya wakupha pang'onopang'ono, koma mlamuyo anali waphuma kuyambira kale. "Zodikira ine ayi, ndiwasinja agwire msanga," anatero. Paja mchere wosinja suchedwa kulowerera m'ndiwo. Anasinja ambirimbiri, nathira m'chimanga chosauma bwino, m'nyumba yamalata, dzuwa la Okotobala likuswa mtengo, ndipo anatseka mawindo n'kupita kumsika. Kusinja, chinyontho, kutentha, zonse zofulumizitsa mankhwala anazisonkhanitsa malo amodzi, kuiwala kuti kuthamanga sikufika.

Masana ndinapitako kukabwereka lichero, ndipo pakhomo panali zii, bata losakhala bwino. Thadzi linali litagona chagada pakhomo penipeni, anapiye ali mbwee pambali pake, abuluzi atagwa pakhoma, ngakhale ntchentche imodzi panalibe. Kunsi kwa chitseko kunkatuluka fungo ngati la adyo wowola. Sindinama, ndinaganiza za ufiti.

"Odi kuno!" Palibe woyankha. Ndikuti ndizithawa, ndinamva kakhosomo kofooka kuchipinda. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti mng'ono wanga, mkazi wa a Gelesomu, popita kudimba anasiya kamwana kake, Tadala, katagona chifukwa cha malungo.

Ndinakankha chitseko, mpweya unandigwira pakhosi mpaka maso kuchita mdima, koma ndinafufuza pamphasa n'kumupeza mwanayo ali lende, milomo itada. Mmene tinkafika naye kuchipatala pa njinga, ine n'kuti ndikulira maliro kale. Anesi atamuthandiza anandiuza kuti, "Mayi, mukanayamba mwakaitana anthu, bwenzi pano tikunena zina."

Tadala ameneyo ndi mayi anuwa. Ndiye musamawaseke akamakana kuti thumba la chimanga lilowe kumene mumagona, ndipo mankhwala amene anawapanga kuti azigwira pang'onopang'ono, ana inu, musamawafulumizitse. Nkhuku zija zinaferatu, koma inu mulipo.