Linki inafa, zotsatira za zitsime n'kusowa

Akuwailesi, ndiloleni ndidandaule. Ndine mayi wa ku Ndirande, ndimaphunzira za umoyo. Chaka chathunthu ndinayenda ndi timabotolo, kutunga madzi m'zitsime za kwathu kuno ndi ku Bangwe n'kumakawayeza kuti tidziwe zitsime zoipa. Zotsatira zonse ndinaziika pa webusayiti ya bungwe limene linkatithandiza, linki yake n'kuilemba mu lipoti langa.

Aphunzitsi anga anandichenjeza: "Mayi, zisungitseni kumene amapereka DOI. Imeneyo ndi nambala yosasintha, zinthu zikasamuka imakulondoleranibe kumene zapita."

Ine ndi makani anga: "Adokotala, linki ndi linki basi, ikutseguka bwinobwino."

Bungwe lija linatsekedwa, webusayiti n'kuthera pomwepo. Fulashi imene ndinasungamonso zotsatirazo inali itawonongeka kale. Woyesa lipoti atadina linki sanapeze kanthu, anangolemba kuti umboni palibe. Anzanga avala magauni, ine ndili pakhomo.

Chondipsetsa mtima n'chakuti ndinakulira mu Ndirande momwemuno. Ndimadziwa zimene zimachitika ukauza mlendo kuti akhote pa golosale yobiriwira, mwini wake n'kuipaka penti yofiira. Ndiye ndendende zimene ndinachita, ine wa sukulu!

Dzulo amayi ena anandiimitsa pa chitsime: "Asisi, madzi aja munapezamo chiyani? Ana tiziwamwetsa?"

Ophunzira anzanga, DOI itengeni, ndipo muidine nokha muone ngati ikufikadi. Ine pano ndikutsukanso timabotolo.