Foni ya Bambo Ake

Pa geti la chipatala anthu anali pamzere kudikira nthawi yoona odwala. Mayi wina ankasewera gofu pafoni, bambo wa kumbuyo kwake akusuzumira.

"Mayi, pepani kulowerera, koma mukumenya ndi mphamvu zonse. Mpirawo ugwera m'madzi."

"Wagweramo kale katatu. Ndiye nditani?"

"Onani kamuvi ka mphepoko. Kakaloza kumanja, inu muziloza kumanzere pang'ono. Mukayandikira dzenje musakankhe, muzingokhudza."

"Ndingazidziwe pofika Lachisanu?"

"Iii, ine zinanditengera chaka. Changu n'cha chiyani?"

"Foniyi ndi ya amuna anga. Ali m'katimo, anachita sitiroko. Dzanja silikugwira, kuyankhulanso sakuyankhula."

"Pepani kwambiri. Nanga masewerawa akubwera pati?"

"Mwana wathu wamkazi ali kutali kusukulu, akumaliza mayeso Lachisanu. Sitinamuuze. Tsiku lililonse amapikisana ndi bambo ake pa gofuyu, ndiye ndikusewera ndine kuti asadziwe."

"Sanakayikire?"

"Bambo akewo sanagonjepo kwa iye. Ine ndagonja masiku asanu otsatizana."

"Bweretsani kuno, lero ndikumenyereni."

"Werengani kaye zimene walemba m'mawa uno."

Bamboyo analandira foni n'kuwerenga motsitsa mawu.

"'Amayi, mukumachedwa kuchotsa chala. Ababa ali moyo?' Mayo ine. Ndiye mwamuyankha chiyani?"

"Sindinamuyankhe. Tandibwerezereni za mphepo zija. Mwati ikapita kumanja, ine ndiloze kuti?"