Gasiketi Imene Sinapse

Pamzere wa m'sitolo ya masipeya, mayi wina wachitsikana anatembenukira bambo wovala ovolosi amene anaima kumbuyo kwake.

"Pepani bambo, ndinu amakaniko?"

"Manjawa akunena okha, mayi."

"Lole yakale ikapsa gasiketi ya hedi, imaoneka bwanji?"

"Imatentha, imafuka utsi woyera kumbuyo, madzi m'lediyeta amatha osadontha pansi. Mukasolola kandodo koyezera, mumapeza oyilo atatuwa ngati tiyi wamkaka."

"Nanga akakhala wakuda bii?"

"Madzi ali bwanji?"

"Odzaza. Ndatsegula ndekha m'mawa eni ake akusamba. Oyilo akungonyowetsa pang'ono pamwamba, m'mbali mwa chivindikiro."

"Limenelo ndi thukuta chabe, nkhalamba zonse zimatero. Loleyo ili bwino. Zopsazo wakuuzani ndani?"

"Amuna anga. Sabata iliyonse akuti yawafera panjira, amagona momwemo kudikira kuti izizire. Ine kunyumba tulo osabwera, kuwapempherera kuti achifwamba asawapeze."

"Akamabwera malaya amakhala otani?"

"Ochapa bwino. Osita ndithu, fungo la sopo amene ine sindigula."

"Mayi, ine ndimadziwa za injini zokha."

"Mwandiuza zokwanira."

"Ndiye gasiketiyo isiyeni, palibe chosintha pamenepo."

"Ndigula. Andituma okha kuti bodza lawo limere miyendo. Akamasule injini yamoyoyo bawuti ndi bawuti, ine nditakhala pambali kuwapatsira masipanala. Ndikaone ngati angandiyang'ane kumaso."