Tsitsi la Keziah ndi madzi a ubatizo

Pa siteji ya minibasi ku Kabwata, Keziah ankalephera kuima malo amodzi, dzanja lili pa tsitsi lake longolukidwa kumene. Mayi wina wogulitsa chimanga chowotcha anamufunsa chimene chamukondweretsa.

"Amai, mawa Loweluka, pa Sabata, nibatizidwa!"

"Aleluya! Azangokuwaza tumadzi pamphumi, eti?"

"Iyayi! Abusa akuti kubatiza tanthauzo lake ni kumiza. Thupi lonse, khuvu!"

"Nanga tsitsi unalukila chani lelo, mwana iwe?"

"Pa Sondo ni ukwati wanga na Ba Meshack!"

"Mayo ine! Vala pulasitiki kumutu."

"Ninayesa kale mu dilamu kunyumba. Pulasitiki inayandama, ine ninatsala pansi."

"Ndiye ubatizo uyambe wadikila."

"Osabatizidwa, abusa samanga ukwati. Nimila nalo, amai! Ba Meshack alandile mkazi wonyowa!"