Impso Zanga ndi Soya wa ku Chegutu

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Ndine Mayi Mbewe a ku Rimuka. Ambiri mumandidziwira pa miphika ya pamaliro.

Mukudziwa mwambo umene makolo athu anabwera nawo kuchokera ku Malawi, woti mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Ine nditasiya kusamba, ntchitoyo inagwera ine. Pamaliro, paukwati, atsikana ankangondiitana kuti ndikawathirire. Ndinkathira, n'kulawa. Mphika wa nyama, n'kulawa. Wa kabichi, n'kulawa. Ndinkakondwa kuti ndine wofunika, chonsecho ndili ndi matenda a shuga.

Kenako mapazi anayamba kutupa. Nsapato za kutchalitchi zinakana kulowa. Kuchipatala anandiyeza magazi ndi mkodzo, ndipo namwino anandiuza kuti impso zanga zayamba kutopa. Anati shuga amawononga impso pang'onopang'ono, mchere umawonjezera vutolo, komanso mkazi akasiya kusamba, timadzi tachikazi timene tinkathandiza kuteteza thupi timachepa. Zikapitirira, mapeto ake n'kumakatsukidwa magazi ndi makina ku Harare.

Abale, ndinalira. Ndinalira ndithu. Ndinati, Ambuye, si Inu kodi munalenga impso zanga? Bambo akunyumba sindinawauze zonse, poti za kusamba sitikamba ndi amuna. Koma ulendo wachiwiri anandiperekeza, n'kulowa nane m'chipinda, chipewa chili m'manja. Munthu wokalambira pamgodi, wamanyazi, anamvetsera zonse, kenako anafunsa namwino kuti timadzito amagulitsa kuti.

Namwino anaseka. Anati mu soya muli zinthu zofananako nato, ndipo madokotala akufufuzabe ngati zimatetezadi impso. Anandilola kudya soya pang'ono m'malo mwa nyama, koma anati mankhwala ndisawasiye ngakhale tsiku limodzi.

Loweruka la sabata lomwelo bambo anakwera kombi kupita ku Chegutu, kwa mlongo wawo amene amalima kupulazi, n'kubwerako ndi ndowa ya soya. Anakazinga okha. Woyamba anapserera, nyumba yonse utsi! Mpaka lero ndi iwo amakazinga, kukagayitsa, n'kundiphikira phala lopanda shuga. Ndiwo zamchere nawonso anazisiya. Nditawauza kuti azithira mchere m'mbale yawo, anati:

“Amake Chisomo, tadyera mbale imodzi kuyambira kukomboni. Lero tiyambe mbale ziwiri?”

Sindikunena kuti soya wandichiza, ayi. Wochiza ndi Mulungu, amene anatipatsa mbewu zam'munda ndi nzeru za kuchipatala. Mankhwala ndikumwa, kukayezedwa ndikupita. Ulendo wapitawu namwino anati impso zaima pomwe zinali, za Harare tiiwale kaye. Mapazi aphwa. Lero ndabwera wapansi kuchokera kunyumba, osapuma panjira.

Ndithandizeni kuyamika Yehova, abale, chifukwa ndekha sindikwanitsa. Sananditumizire mngelo wamapiko. Ananditumizira awo akhala kumbuyoko, azolika mutuwo. Musawayang'anitsitse, angatuluke. Amen.